Lupu ndi matenda a m'chiberekero: mlandu ndi wa yani?

Pa tsiku la sikelo ku Phalula m'boma la Balaka, nkhani za kulera zimayamba anamwino asanatsegule n'komwe chitseko. Amayi ali pa mzere, ana kumsana, mabuku a kuchipatala m'manja, ndipo aliyense ali ndi zake zomwe anamva. Za jakisoni amakambirana momasuka: uyu akuti anamunenepetsa, uyo akuti msambo unasiya. Kapulasitiki ka pamkono amachita kuonetsana. Koma ikangotchulidwa lupu, mawu amatsika. Ati imathawira kumtima. Ati mwana amabadwa atayifumbata m'manja. Ati imawabaya bambo akunyumba. Ndiye pali chachikulu, chomwe ngakhale amayi opita patali ndi sukulu amachikhulupirira, chakuti lupu imaoletsa chiberekero mpaka mayi osadzaberekanso.

Zitatu zoyambazo n'zosavuta kutsutsa. Chachinayi n'chofunika kuchikhalira pansi, chifukwa chili ndi kumene chinachokera, ndipo wochiyankha mwachidule amanamiza amayi, kaya ali kumbali yoopseza kapena yotonthoza.

Manambala akuonetsa kukula kwa manthawa. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa amayi 100 apabanja, 58 ankagwiritsa ntchito njira zamakono za kulera. Mwa iwo, 30 anali pa jakisoni, pafupifupi 12 anali ndi ka pamkono, 11 anali atatseketsa, ndipo wa lupu anali mmodzi yekha. Kafukufuku yemweyo anaonetsa kuti boma la Machinga, kumene Balaka anapatukako mu 1998, linali patsogolo pa kubereka, mayi mmodzi ana oposa 6, pamene dziko lonse linali pa 4.4. Tachokera kutali ndithu, poti boma la Kamuzu Banda linaletsa za kulera m'zaka za m'ma 1960, n'kudzazilola mu 1982 pansi pa mfundo yobereka motalikitsa, ndipo mu 1992 amayi apabanja olera mwamakono anali 7 okha pa 100. Njira zina zakwera. Lupu yatsalira m'mbuyo.

Chonsecho, kwa mayi wa kumudzi kuno, lupu ya kopa ndi njira yomwe ikanamupeputsa kwambiri. Ndi kapulasitiki kooneka ngati chilembo cha T, kokulungidwa ndi waya wa kopa, kokhala ndi tizingwe tiwiri tolendewera pa khomo la chiberekero. Mulibe mahomoni, imagwira ntchito zaka 10 mpaka 12, ndipo mwa amayi 100 oyigwiritsa ntchito, wotenga mimba m'chaka choyamba sakwana mmodzi. Amene amalipira kabaza miyezi itatu iliyonse kutsata jakisoni, nthawi zina n'kukapeza kuti watha, akudziwa tanthauzo la zaka 10 zopanda ulendo. Kuipa kwake kodziwika n'kwakuti msambo umachuluka ndi kupweteka, makamaka miyezi yoyamba.

Tizilombo tikakwera

Matenda omwe anthu amawatcha kuola kwa chiberekero, madokotala amawatchula mwachidule kuti PID. Khomo la chiberekero lili ndi chinyezi chomata chomwe chimatchinga tizilombo ta kumaliseche kuti tisalowe mkati. Mabakiteriya ena amatha kudutsa, makamaka a chinzonono ndi a chlamydia. Akadutsa amatupitsa mkati mwa chiberekero, n'kukwera m'machubu odutsa mazira, mwinanso kufika m'mimba. Mayi amamva kupweteka m'chinena, thupi limatentha, chikazi chimasintha mtundu ndi fungo, ndipo kukhala malo amodzi ndi bambo kumawawa. Matenda akakula, mafinya amaunjikana pafupi ndi mabasiketi a mazira, ndipo apo pamafunika kugonekedwa kuchipatala chachikulu, mwinanso opaleshoni.

Choopsa chenicheni chimatsala matendawo atapita. Machubu akapola amasiya zipsera, ndipo chubu cha chipsera chimatsekeka kapena kuphinjika. Chikatsekeka, mimba sibwera. Chikaphinjika, mimba imatha kukhazikika m'chubu momwemo, n'kudzaphulika mayi akutaya magazi mkati. Madokotala a ku Lund m'dziko la Sweden, omwe anatsata amayi odwala matendawa kwa zaka zambiri, anapeza kuti kudwala kamodzi kunkasiya amayi pafupifupi 8 pa 100 osabereka, kawiri pafupifupi 20, katatu kapena kuposa pafupifupi 40. Kuno kwathu tikudziwa zomwe zimamuchitikira mayi wosabereka pamaso pa apongozi ndi alamu. Mantha a amayi a pa mzere wa sikelo ali ndi maziko.

Funso ndi lakuti, mabakiteriyawo amabwera ndi lupu kodi?

Panali lupu imodzi yomwe inalidi ndi mlandu. Mu 1971 kampani ya ku America ya A.H. Robins inayamba kugulitsa Dalkon Shield, ndipo amayi oposa 2 miliyoni a m'dzikolo anaikidwa. Chingwe chake chinali cha timaulusi tambirimbiri tokutidwa m'kachikopa kamodzi. Chinkagwira ntchito ngati chingwe cha koloboyi chokoka palafini: chinyezi cha kumaliseche, pamodzi ndi mabakiteriya, chinkakwera pakati pa timaulusito mpaka m'chiberekero, osakumana ndi chotchinga cha pakhomo chija. Amayi omwe anatenga mimba lupuyo ili momwemo anapita padera ndi matenda oopsa a m'magazi, ena anamwalira, ambiri anataya ubereki. Kampaniyo inasiya kuigulitsa ku America mu 1974, koma zambiri zinali zitatumizidwa kale ku maiko osauka, zina kudzera m'thandizo la boma la America lenilenilo. Mu 1985, itapanikizidwa ndi milandu ya amayi masauzande ochuluka, A.H. Robins inalengeza kuti yagwa.

Mbiri yoipayo inamatirira lupu za mitundu yonse, ndipo inalowa m'mabuku omwe anamwino ndi madokotala a mibadwo ingapo anaphunzira. N'chifukwa chake mpaka lero mumapezeka azachipatala omwe amakana kuika lupu kwa mtsikana yemwe sanabereke, ngakhale malangizo anasintha kalekale. Lupu ya masiku ano chingwe chake ndi ulusi umodzi wosalala, wopanda mipata yoti tizilombo tikweremo.

Masiku 20 oyamba

Yankho lomveka linabwera mu 1992, pomwe akatswiri a bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO anasonkhanitsa zotsatira za amayi 22,908 oikidwa lupu m'maiko osiyanasiyana. Odwala PID anapezeka 81. Chomwe chinatsegula anthu maso ndi nthawi yomwe ankadwala. M'masiku 20 oyamba chiikireni, chiopsezo chinali chokwera kuposa kasanu ndi kamodzi poyerekeza ndi nthawi yonse yotsatira. Masikuwo akadutsa chinkatsika n'kukhala chotsika kwa zaka. Malo nawo anali ndi mbali: ku Africa odwala anali ochulukirapo, pamene mwa amayi a ku China oposa 4,000 sanapezeke ndi mmodzi yemwe.  Zikuoneka kuti chosiyana chinali kuchuluka kwa matenda opatsirana pogonana kumaloko.

Tanthauzo lake ndi ili. Lupu siibala mabakiteriya. Koma pa tsiku loika, kachubu koikira kamadutsa pa khomo la chiberekero, ndipo ngati pakhomopo pali kale chinzonono kapena chlamydia, kapena ngati zida sizinaphikidwe bwino, tizilombo timatha kukankhidwira mkati. Ngakhale pamenepo si onse amadwala. Kafukufuku wosiyanasiyana akuonetsa kuti mwa amayi oikidwa lupu ali ndi matendawa pakhomo, odwala PID sapitirira 5 pa 100. Za kusabereka zija, mu 2001 kafukufuku wa amayi pafupifupi 1,900 ku Mexico City anapeza kuti kutsekeka kwa machubu sikunkagwirizana ndi kugwiritsapo ntchito lupu ya kopa. Kunkagwirizana ndi zizindikiro za m'magazi zosonyeza kuti mayi anadwalapo chlamydia.

Apa ndi pamene nkhani imafika kwathu kwenikweni. Malangizo a WHO, omwe Unduna wa Zaumoyo umatsata, amati mayi asaikidwe lupu ngati pa nthawiyo ali ndi PID, chinzonono, chlamydia kapena mafinya pa khomo la chiberekero, ngakhalenso ngati wangodwala matenda a m'chiberekero atabereka kapena atapita padera. Ayambe wachira. Lamulo labwino. Nanga namwino wa pa chipatala chaching'ono adziwa bwanji?

M'zipatala zambiri za boma, makamaka zing'onozing'ono ngati za m'madera a Phalula, Utale kapena m'midzi ya ku Machinga, chinzonono ndi chlamydia siziyezedwa mu labotale monga amayezera malungo, HIV kapena chindoko. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, Malawi amachiza matenda opatsirana pogonana poona zizindikiro: wabwera ndi chikazi chachilendo, mankhwala ake ndi awa, wabwera ndi zilonda, ake ndi awa. Njirayi yathandiza anthu ambiri, ndipo kwa abambo imagwira bwino poti chinzonono chimadziulula ndi mafinya komanso kuotcha pokodza. Kwa amayi ndi nkhani ina. Chlamydia amakhala phee mwa amayi ambiri, osapweteka, osanunkha. Pa kafukufuku wotchedwa ECHO, yemwe anachitika ku Eswatini, Kenya, South Africa ndi Zambia ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2019, amayi 7,829 ofuna kulera anayezedwa ndi makina asanayambe. Mwa 100 alionse, 18 anali ndi chlamydia ndipo 5 anali ndi chinzonono. Ambiri sankadziwa.

Choncho namwino amadalira maso ake ndi mafunso. Amayang'ana khomo la chiberekero ngati pali mafinya kapena ngati pakutuluka magazi pongokhudza, amadina m'chinena kuti aone ngati pakupweteka, kenako amafunsa. "Mayi, bambo akunyumba anadandaulapo za kuotcha pokodza? Ali ndi mkazi wina?" Ili ndi funso lomwe mayi amafunsidwa kuti ayankhe m'malo mwa munthu yemwe sali m'chipindamo. Phalula ali pa msewu waukulu wa M1, pakati pa Zalewa ndi Chingeni, pomwe magalimoto akuluakulu amadutsa usana ndi usiku. Abambo ambiri a ku Balaka ndi ku Machinga amatha zaka ali ku Joni, ena ali ndi mitala, ena amayenda ndi malonda a thonje kapena makala. Sindikunena kuti woyenda aliyense ndi wachimasomaso. Ndikunena kuti mayi wokhulupirika m'banja lake akhoza kuyankha moona mtima kuti "ayi, palibe," pamene chlamydia ali kale pa khomo la chiberekero chake. Akadwala patatha sabata ziwiri, mudzi wonse udzaloza lupu, ndipo bambo aja adzakhala oyamba kulamula kuti ikachotsedwe.

Pomwe amayi akunena zoona

Pali dandaulo lina lomwe azachipatala ena amalikankhira kutali msanga, lakuti chiikireni lupu chikazi chachuluka ndipo chikununkha. Pano amayi ali ndi mboni. Kumaliseche kwa mayi wathanzi kumakhala mabakiteriya abwino omwe amasunga malowo owawasa pang'ono kuti oipa asachuluke. Abwinowo akachepa, ena amaswana n'kubweretsa chikazi chamadzimadzi, chotuwa, cha fungo la nsomba lomwe limakula mukatha kugonana. Madokotala amati bacterial vaginosis. Ku Harare, kafukufuku wofalitsidwa mu 2018 anatsata amayi oyamba njira zosiyanasiyana za kulera. Mwa omwe anasankha lupu ya kopa, 27 pa 100 anali ndi vutoli poyamba, ndipo patatha miyezi 6 anafika 49 pa 100, pamene kwa a jakisoni ndi a ka pamkono sipanaoneke kusintha kotero. Kafukufuku wina wa amayi oposa 2,500 a ku South Africa, Uganda, Zimbabwe ndi Malawi, kuphatikizapo a ku Blantyre ndi Lilongwe, anapezanso kuti a lupu ya kopa ankadwala vutoli kuposa anzawo ndi pafupifupi 28 pa 100. Akatswiri ena amaganiza kuti kutalika kwa msambo ndiko kumachititsa, poti magazi amachepetsa kuwawasa kuja.

Vutoli si kuola kwa chiberekero, ndipo limachizika ndi metronidazole, yemwe ambiri timamudziwa kuti fulajilo. Koma si laling'ono. Limachititsa manyazi m'banja, limakonda kubwerera, ndipo limawonjezera mpata wotenga HIV ndi matenda ena. Namwino akamuuza mayi kuti "zimenezo n'zamaganizo anu," mayiyo sabweranso. Amapita kwa agogo odziwa za mauka, kapena amayamba kutsuka mkati ndi sopo, kuikamo kansalu kapena mankhwala achikuda oumitsa. Zonsezi zimapha mabakiteriya abwino otsalawo, fungo n'kuwonjezeka. Anankungwi ambiri amalangiza kutsuka mkati ndi chala monga ukhondo wa mayi wapabanja; ndi malangizo operekedwa ndi mtima wabwino, koma mkati mumadziyeretsa mokha, ndipo kusamba kunja ndi madzi n'kokwanira.

Za amayi omwe ali ndi HIV sitichedwapo, poti yankho lilipo. Ku Lusaka, pa kafukufuku wa amayi 599 a HIV wofalitsidwa mu 2007, mwa omwe anaikidwa lupu mmodzi yekha ndiye anadwala PID. Mayi yemwe akumwa ma ARV ndipo ali bwino akhoza kuikitsa lupu. ECHO uja anapezanso kuti pakati pa lupu, jakisoni ndi ka pamkono panalibe kusiyana kwenikweni pa kutenga HIV. Palibe mwa njira zitatuzi yomwe imateteza ku matenda. Imeneyo ndi ntchito ya kondomu.

Mayi woikidwa lupu ayenera kubwerera kukaonedwa pakatha masabata 3 mpaka 6. Asadikire tsikulo ngati m'chinena mukupweteka mowonjezeka, thupi likutentha, chikazi chikutuluka ngati mafinya, kapena magazi akutuluka pogonana. Kutentha thupi kuno timathamangira kunena kuti ndi malungo, ndipo sabata imatha munthu akumwa LA ndi panado. Ngati wayezetsa malungo osapezeka, anene za lupuyo, poti wachipatala wa ku OPD sangayione m'buku ngati sinalembedwe. Chithandizo cha PID ndi jakisoni mmodzi wolimbana ndi chinzonono, pamodzi ndi doxycycline ndi fulajilo kwa masabata awiri. Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti lupu siyenera kuchotsedwa nthawi yomweyo. Mayi amayamba mankhwala ili momwemo, n'kuonedwanso pakatha masiku awiri kapena atatu. Ngati sipakusintha, kapena iye mwini akufuna, ndi pamene imachotsedwa. Kuichotsa mopupuluma popanda njira ina kumasiya mayi pa mimba yosakonzekera, matenda ali chikhalire.

Makapisozi a pamsika ndi m'magolosale ndi msampha wina. Awiri kapena atatu amachepetsa ululu, munthu n'kuyesa wachira, pamene machubu akupitiriza kuwonongeka. Chinzonono nacho chaphunzira kupirira mankhwala ambiri pa dziko lonse. Malawi anayamba kugwiritsa ntchito jakisoni wa gentamicin pa matendawa mu 1993 chifukwa mankhwala akale anali atasiya kugwira, ndipo kumwa maantibayotiki modukizadukiza ndiko kumafulumizitsa zoterezi.

Pali zinthu ziwiri zosowa koma zoopsa. Mayi akaphonya msambo lupu ili momwemo, apite kuchipatala msanga, chifukwa mimba yokhala pamodzi ndi lupu imatha kupita padera ndi matenda, ndipo pafunika kutsimikiza kuti sili m'chubu. China ndi lupu yoiwalika. Mayi akasiya kusamba chifukwa cha ukulu, lupu ilibenso ntchito ndipo iyenera kutuluka. Yokhala zaka zambiri kupitirira nthawi yake imatha kukhala pobisalira mabakiteriya otchedwa Actinomyces, omwe amapanga chotupa cholimba m'chinena chofanana ndi khansa, chofuna penicillin wa miyezi ingapo. Amayi achikulire omwe anaikitsa kalekale, mwina buku lawo linatayika kapena kudyedwa ndi chiswe, ndi ofunika kuwafunsa.

Woika apita, mayi atsala

Amayi ambiri a kumidzi amalandira njira za nthawi yaitali pa masiku omwe magulu oyendayenda abwera, kaya a boma kapena a mabungwe monga Banja La Mtsogolo, lomwe lakhala likugwira ntchitoyi kuyambira 1987. Popanda maulendowa, amayi ochuluka sakanaiona n'komwe lupu. Komabe kayendetsedwe kake kali ndi chofooka chomwe chimagwera ndendende pa masiku 20 aja. Gulu limaika lero, galimoto n'kubwerera. Ululu ukayamba sabata yachiwiri, mayi amapita pa chipatala chapafupi, kumene mwina wodziwa za lupu ndi mmodzi, ndipo tsikulo palibe. Alangizi a zaumoyo a m'midzi, omwe amabaya jakisoni wa kulera, saika kapena kuchotsa lupu. Kuchokera kumidzi ya kutali ya T/A Phalula kukafika kuchipatala cha boma ku Balaka ndi ndalama yomwe banja la mlimi silikhala nayo mwezi uliwonse. Namwino woika lupu kamodzi pa miyezi ingapo nayenso dzanja limazizira, ndiye amayamba kulimbikitsa amayi njira zomwe wazolowera. Oikitsa akachepa, odziwa kuika amachepanso.

Kuyambira Januwale 2025, pomwe boma la America linaimitsa thandizo lake lakunja n'kudzatseka USAID, ndalama za kulera ndi maulendo a kumidzi zavuta m'maiko ambiri a mu Africa, ndipo Malawi ankadalira kwambiri thandizolo. M'nyengo yotere, njira yokhalitsa zaka 10 ndi yofunika kuposa kale, ndipo n'chifukwa chake sitingakwanitse kuiwonongera mbiri ndi ntchito yothamanga. Zofunikazo si zodula kwambiri: zida zophikidwa bwino, magolovesi, mankhwala opukutira khomo la chiberekero, mphindi zokwanira zoyang'ana ndi kufunsa mayi paokha popanda anzake kumvetsera kuseri kwa katani, ndiponso mlangizi wa m'mudzi wopatsidwa maina a oikidwa kuti awayendere sabata yoyamba ndi yachitatu. Makina oyezera chinzonono ndi chlamydia alipo pa dziko. GeneXpert yemwe zipatala za maboma zimayezera TB amatha kuyezanso matendawa akapatsidwa makatiriji ake, koma mtengo ndiwo umalepheretsa.

Chotsalira ndi abambo. Mayi akapezeka ndi matenda opatsirana pogonana, achipatala amamupatsa kakalata koti akapatse mwamuna wake kuti nayenso abwere kudzalandira mankhwala. Timakalata tambiri sitifika. Mayi amaopa kufunsidwa kuti matendawo wawatenga kuti, makamaka ngati lupuyo anaikitsa mobisa, monga amachitira ena omwe amuna awo amakana za kulera. Bambo naye, poti sakumva kupweteka paliponse, saona chifukwa chokaimira pa mzere wa amayi. Mayi amamaliza mankhwala a masabata awiri, n'kutenganso chlamydia yemweyo pa mphasa yake, ndipo kudwala kwachiwiri ndi komwe manambala a ku Lund aja akuti kumachulukitsa kuposa kawiri mpata wa kusabereka. Mafumu a m'dera lino anakwanitsa kukhazikitsa malamulo a m'mudzi oti abambo aziperekeza akazi awo ku sikelo ya mimba kukayezetsa HIV limodzi, ndipo m'madera ambiri abambo anayamba kupita. Pa misonkhano yomweyo, ndi mawu a mafumu omwewo, nkhani ya kakalata aka sinayambe yakambidwa mokwanira.